Munanditsina kachala kuti ndilire

Atsibweni, lero ndakuonani pafoni. Chipatala cha mafupa a ana chija chaika zithunzi zakale pokumbukira mmene chinayambira, ndipo pa chithunzi china muli inu, mutavala jekete lanu lopitira ku okushoni kukagulitsa fodya lija. Aliyense akumwetulira, inu nokha mwakwinya nkhope, diso lili pa dokotala.

Ndinabadwa ndi phazi lopindika. Kwathu ku Nsaru anthu ankati kuchipatalako amachotsa ana mafupa n'kukagulitsa kunja, ndipo inu, mwini mbumba, munkafunsa aliyense kuti, "Kodi munthu angakuchize ulere? Iyeyo apindulapo chiyani?" Amayi atakakamira zonditengera kuchipatalako, munati mupita nawo kuti mukalondere mwendo wanga. Nditatsitsimuka ku opaleshoni, mwendo wonse uli m'chikhakha, munagwira kachala kamene kankasuzumira kunja n'kukatsina mwamphamvu. Ndinalira chokuwa. Anamwino atakukalipirani, munangoti, "Pepani amayi, ndimafuna ndidziwe ngati mwendowu ukadali wake." Mpaka tsiku lomwe munatisiya simunawakhulupirire anthu aja. Ndikamasewera mpira munkaliyang'ana phazili ngati lobwereka, ngati eni ake abwera kudzalitenga.

Mwezi watha mwana wanga Tadala anamuika chikhakha, phazi lake ngati langa lija. Ine sukulu ndinapitako, ndikudziwa kuti za mafupa zija zinali nkhambakamwa. Komabe anamwino atangotembenuka, ndinamutsina kachala. Analira, atsibweni. Mwendo ndi wake ndithu. Gonani mumtendere, wolondera ndine tsopano.