Dzanja Lapansi la Amayi Ennie

Amayi Ennie Tiwale anabadwira ku Dedza, ndipo anabwera ku Chinsapo ali mtsikana. Anakwatiwa, anabereka ana, amuna awo anamwalira, iwo nkulera anawo ndi geni ya tomato. Ife a mphakati wawo tinawadziwa kwambiri ngati mphunzitsi wa ana okonzekera Ukaristia woyamba.

Tisanamizane, sanali ofewa. Mwana akatambasula dzanja limodzi ankamubweza kumzere. "Iwe, dzanja limodzi ndi la kondakitala wa minibasi. Ambuye timawalandira ndi manja awiri, lamanzere pamwamba, lamanja pansi."

Mu 2003 padzanja lawo lamanja panatuluka kachotupa kosapweteka. Tonse tinati ndi njerewere. Kanasanduka chilonda chosapola, ndipo madokotala atakachotsa kanameranso pamkono. Kuchipatala chachikulu anapeza kuti ndi khansa yosaonekaoneka, yotchedwa epithelioid sarcoma, ndipo anati mkonowo udulidwe. Amayi Ennie anazengereza, koma osati poopa mpeni. Anafunsa Bambo mfumu kuti, "Nanga Ukaristia ndizikalandira bwanji?" Bambo mfumu anati kulandira pakamwa nkololedwa. Opaleshoni Amayi Ennie anavomera, koma zolandira pakamwazo sizinawakomere.

Atapezako bwino anabwerera ku Misa, atafunda chitenje paphewa. Nthawi yolandira ikakwana ankatsala pabenchi. Akanatambasula bwanji dzanja limodzi ana amene anawaphunzitsa okha akuona? Zinkatipweteka tonse.

Lamulungu lina Elube, mtsikana amene ali mwana anabwezedwa kumzere kangapo konse, anawagwira paphewa. "Amayi, tiyeni. Lapansilo ndili nalo ine."

Anapita limodzi. Amayi Ennie anatambasula dzanja lawo lamanzere, Elube nkuika lake lamanja pansi. Atayankha kuti "Amen", manja awiriwo anakwera limodzi mpaka pakamwa. Pobwerera anamunong'oneza kuti, "Zala uzizilumikiza bwino." Kuyambira pamenepo sanatsalenso pabenchi.

Khansa ija inafika m'mapapo. Sanadandaule, ndipo ana ankawaphunzitsira pakhonde mpaka mawu atatha mphamvu. Anamwalira mwamtendere kunyumba kwawo mu 2006, atalandira Ukaristia, Elube atagwada pambali pa mphasa.

Kalasi ija tsopano ikuphunzitsidwa ndi Elube, ndipo nayenso safewa. Lamulo ndi lomwe lija la manja awiri. Iye anangowonjezerapo kuti sikuti onse awiri akhale ako.

Mzimu wawo uuse mumtendere.