Makhadi a Alamu Anga a Stafford

Alamu anga a Stafford Namakhwa ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana pakamwa asanayankhe. Osawadziwa ankati ndi matama. Sanali matama, anali makutu. Ali mnyamata anagwira ntchito mufakitale ya tiyi pafupi ndi makina opota masamba, ndipo phokosolo linawadya khutu lakumanzere lonse ndi theka la lakumanja. Azungu ataona kuti munthuyu sakumvanso belu, anawachotsamo nkuwapatsa khasu ndi chitini chothirira maluwa kunyumba kwa manijala. Kumeneko anakhalako zaka zoposa makumi awiri, akucheza ndi maluwa, poti maluwa safuna kuyankhidwa.

Kuno ku Thyolo anabwera ali kumsana kwa mayi awo, kuchokera kwa Apwitikizi, monga tinabwerera ambirife. Anakwatira akulu anga a Marita, ndipo ine Leah ndi amuna anga a Everson tinamanga moyandikana nawo, nthochi zathu zikukumana masamba. Nyumbazo zinali zathu, nthochizo zathu, koma dothi linali la esiteti. Aliyense ankadziwa kuti kapepala kamodzi kotchedwa notisi kakakupeza, umasasula denga lako nkumapita, ngakhale uli ndi manda a ana ako pomwepo. Ine ndinali ndi manda awiri.

Luso la makhadi a Khirisimasi anawaphunzitsa ndi dona wa manijala woyamba, mayi wokalamba amene ankakonda maluwa kuposa anthu. Pobwerera kwawo anawasiyira sizasi ndi bokosi la mapepala olimba. Kuyambira pamenepo, Okutobala akakwana alamu ankasanduka munthu wina. Ankatola maluwa a jakaranda ndi a boganiviliya, ndi timasamba ta kukhwawa tooneka ngati nthenga, nkuzipana pakati pa matabwa awiri, pamwamba mwala wamphero wa akulu anga. Chaka chilichonse a Marita ankalalata za mwalawo, chaka chilichonse mwalawo unkapita. Zomatira ankaphika okha ndi ufa wa chinangwa. Khola la ku Betelehemu ankalidula m'makungwa ouma a nthochi, nyenyezi nkuidula m'kachitsulo kopyapyala kamene ankayala m'mabokosi a tiyi. Duwa la tiyi lokha ndi limene linkawavuta, chifukwa likauma limada. Anayesa zaka zambiri mpaka anapeza kuti ukalithyola lisanatseguke bwino nkulipana ndi phulusa lofunda, limakhalabe loyera. Ankanyadira chimenechi kuposa china chilichonse.

M'kati mwa khadi sankalembamo kanthu, poti kulemba sankadziwa. Madona a kumaesiteti ndi manesi achizungu a ku Makwasa ankagula nkulembamo okha. Ife eni dera sitinkagula. Munthu ungagule duwa louma pomwe maluwa ali mbwee m'munda? Tinkawaseka poyera, ine ndiye ndinkatsogolera, poti chilamu chimalola. Iwo ankangomwetulira, koma ndinkaona kuti zimawapweteka.

Pogwira ntchitoyi ankatseka chitseko ndi zenera lomwe. Chifukwa chake chinali mphepo ndi nkhuku basi. Kamphepo kakang'ono kankatha kumwaza ntchito ya sabata yonse.

Ndiye kunabwera chaka cha 1959, chija asilikali anagwira anthu a chipani cha Kongeresi. Kuyambira pamenepo pamudzi pathu panalowa matenda oyang'anana. Munthu akachedwa kuchigayo, anali kuti? Akagula malaya atsopano, wamupatsa ndani? Akalankhula ndi kalaliki wa kuofesi nthawi yaitali, tinkati ndi kapirikoni, ndiye kuti wogulitsa anzake kwa azungu. Pofika Novembala kunamveka zoti chipani chatsopano chikugulitsa makhadi a umembala mobisa, ndipo manijala wathu analengeza kuti wopezeka ndi khadi pa malo ake alandira notisi. Khadilo ambiri tinali tisanalione. Tinkangolimva.

Apa ndi pamene pakamwa panga panalakwa, ndipo sindibisa. Tsiku lina masana tili pamzere posikelo, madengu a tiyi kumsana, mayi wina anandifunsa chifukwa chake alamu sakuonekanso kubwalo Lamulungu. Ndinayankha mokweza, monga ndimayankhulira, kuti ali pa makhadi awo, atseka chitseko, chaka chino akuti apanga ambiri. Mzere wonse unandicheukira. A Blackson, kapitawo wathu, anaimitsa pensulo m'mwamba, osandiyang'ana, kenako nkupitiriza kulemba. Ndinafulumira kuwonjeza kuti ndikunena a Khirisimasi, a maluwa. Mayi uja anagwedeza mutu pang'onopang'ono nkunena kuti ee, a maluwa, tamva. Pomwepo ndinadziwa kuti palibe wandikhulupirira.

Sabata isanathe nkhani inali itamera miyendo. Akuti chipani chinasankha bwino, ndani angakayikire wamaluwa wa bwana? Akuti kugonthako nkwachiphamaso, munthuyo amamva zonse. Amuna anayamba kubwera mmodzimmodzi, pobwera kuntchito, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba nkhuku. Ankagogoda, nkuwerama, nkunong'ona. Tsono kunong'oneza a Stafford kunali kutaya nthawi. Pa mawu onsewo ankangogwirapo amodzi pamilomo, akuti khadi. Ankatsegula bokosi mwaulemu nkumuuza munthu kuti asankhe.

Munthu akatsegula khadi nkupeza mulibe mawu, mumayesa ankakhumudwa? Ankatamanda nzeru za chipani. Wina anati dzina limaoneka ukaliyang'anitsa padzuwa. Wina anati nambala yako ndi kuchuluka kwa timasamba. Wina anati nyenyeziyo ndi chizindikiro, odziwa amadziwa. Ankawasunga pansi pa mphasa ndi m'denga.

Amuna anga nawo anapita. A Everson ankadula mitengo ya bulugamu ya nkhuni za fakitale, munthu wamphamvu m'manja koma wosamva za mkazi. Ndinawauza kuti awo ndi maluwa chabe, ndawaona akumatidwa ndi chinangwa chaka ndi chaka. Anandiyankha kuti zinthu izi akazi sauzidwa, ndipo kukana kwangako kukusonyeza kuti akulu anga anandilumbiritsa. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Anabwera ndi khadi la duwa la tiyi, nkulisomeka m'denga pamwamba pa khomo.

Mundifunsa chifukwa chake sindinawauze alamu. Ndinapita kawiri kuti ndikawauze. Koma kuwauza kanthu kunafunika kukuwa, ndipo nkhani imeneyo sinali yokuwa, nyumba ya a Blackson ili kuseri kwa nthochi. A Marita nawo ankaopa chimodzimodzi, ankangoti zitha zokha Khirisimasi ikadutsa. Chinanso, alamuwo ndinawapeza akuimba. Zaka zonsezo sindinawamvepo akuimba. Anandikokera pabokosi nkundionetsa mmene latsikira, nkunena kuti, "Alamu, mwaona? Anthu akwathu ayamba kuona. Si azungu okha tsopano." Ndinamva chisoni, ndinamvanso mantha, ndipo ndinabwerera osawauza.

Masiku amenewo ndinkakayikira aliyense. A Blackson anayamba kudutsa pakhomo pathu popita kuntchito, njira yawo isali imeneyo. Ankapereka moni wautali, maso ali kuchitseko cha alamu. Tsiku lina anandifunsa ngati chinangwa chathu chabereka bwino, poti akumva kuti kwa a Stafford chikutha msanga. Ndinayankha kuti chabereka. Ngakhale alamu omwewo ndinayamba kuwakayikira. Ndinkadzifunsa kuti kodi munthu angakhale wosadziwa chonchi? Mwina pansi pa maluwawo pali makhadi enieni? Tsiku lina atapita kuntchito ndinalowa nkufufuza bokosi lonse mpaka pansi. Ndinapezamo nthenga za nkhanga ndi mphemvu imodzi.

Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Disembala mesenjala anabwera m'mawa kudzanena kuti a Stafford akufunidwa kuofesi ndi bokosi lawo. A Marita anangokhala pansi pakhonde. Ndiye ndinapita ndine, chifukwa mawu anga ndi amene ankalowa bwino m'khutu la alamu. Njira yonse ndinkaganiza za notisi yawo, za kumene akulu anga akapite ndi ukalamba umenewo. Za ine mwini sindinaganize.

Muofesi munali manijala, a Blackson ataima pambali. Manijalayo anali wachinyamata, wobwera kumene, Chinyanja chake chothyokathyoka. Anakhuthula bokosi patebulo. Anatenga khadi limodzi, nkulitsegula, nkulitembenuza, nkuliyang'anitsa pazenera monga ankachitira amuna a kwathu aja. Anang'amba lina kuti aone pansi pa khola la Betelehemu. Alamu anatambasula dzanja ngati akufuna kuleretsa, nkulibweza. Kenako mzunguyo anayamba kuseka. Anati dona wake ali nawo khumi otere, watumiza kale kwawo. Anawauza a Blackson kuti amubweretsera za m'maluwa, ndipo ulendo uno zinalidi za m'maluwa. Ine ndinapuma. Ndinati tapulumuka.

A Blackson nkhope inagwa, koma si munthu wogonja msanga. Anayankhula motsitsa kuti makhadiwo ndi a maluwa inde, koma bwana afunse kuti chaka chino agula ndani, popeza anthu akuda sagula maluwa. Manijala anasiya kuseka. Anandiyang'ana nkuti, "Funsa iye. Ndani anagula?"

Ndinaganiza zosintha funsolo. Ndinaganiza zolankhula Chilomwe, koma a Blackson ndi Mlomwe mnzathu. Ndipo chilichonse chimene ndikananena ndinayenera kuchikuwa. Ndinawerama pakhutu lakumanja la alamu, nkuwatsina pamkono mwamphamvu, nkukuwa kuti, "Akuti makhadi anu agula ndani chaka chino?"

Anandiyang'ana modabwa chifukwa cha kutsinako, nkusisita mkono. Kenako nkhope yawo inawala. Anaima mowongoka, chipewa pachifuwa.

"Bwana, chaka chino agula anthu akwathu," anatero. "Kale ankandiseka. Muwafunse alamu angawa, ndiwo ankatsogolera."

Ndiye anayamba kutchula. Ankatchula dzina, ndi duwa limene munthuyo anasankha. Uyu anatenga la jakaranda, uyu la khola, uyu anabwera kawiri kudzatengera mchimwene wake. Sanaiwale ndi mmodzi yemwe, poti aliyense anali atamusunga mumtima ngati mlendo wolemekezeka. Manijala ankalemba. Dzina lachisanu ndi chiwiri linali la a Everson, ndipo alamu anawonjeza kuti amenewa ndiye odziwa kusankha, anatenga la duwa la tiyi. Potuluka, mzunguyo anawasisita alamu paphewa pakhonde, anthu a kufakitale akuona.

Alamu anatchula anthu asanu ndi anayi. M'nyumba zawo anafufuzamo, sanapezemo china koma maluwa omata papepala. Koma manijala anati munthu wopita kukagula khadi monong'ona amadziwa khadi limene akufuna. Khirisimasi isanafike, notisi zisanu ndi zinayi zinatuluka. Ya a Stafford sinatuluke. Anakhalabe pa maluwa a bwana mpaka anamwalira, patapita zaka zinayi, ndipo zaka zonsezo palibe anawapatsanso moni kupatula akazi awo. Ana ankawaimbira nyimbo ya kapirikoni kumbuyo. Mwayi wake sankaimva.

Ife tinapeza malo kwa achibale a amuna anga ku Khonjeni. Tinasamuka Januwale, mvula ili pakati, chimanga chathu chitafika m'chiuno. M'mawa wa tsikulo ndinapita kumanda kukatsanzika ana anga, ndipo pobwera ndinapeza alamu ali pakhomo pathu, akumanga mitolo ya nsungwi za denga. A Everson anali atawafulatira. Mabanja enawo analinso panja ndi akatundu awo, onse akuyang'ana kwathu. A Marita anali atawauza alamu kuti anthu akuchotsedwa chifukwa ntchito yachepa, koma munthu wogontha si wakhungu. Anali ataona kuti ochotsedwawo ndi omwe aja anawatchula, mmodzimmodzi.

Anasiya mtolo nkubwera pafupi nane. Anandifunsa chimene anthu aja ankafuna pobwera kwawo. Ndinawauza ndi milomo yokha kuti khadi la chipani. Sanagwire. Ndinabwereza, sanagwirebe. Ndinali nditatopa, ndili ndi dothi la kumanda m'manja, ndipo mkwiyo unandikwera. Ndinakuwa pakhutu lawo, mudzi wonse ukumva, a Blackson omwe ali pakhonde pawo.

"Ankafuna khadi la chipani! Ankayesa mukugulitsa makhadi a chipani!"

Anayang'ana mabanja aja. Ndinkayembekeza kuti afunsa za notisi, kapena apepesa, kapena andikalipira chifukwa chosawauza. Koma anandiyang'ana pakamwa nkufunsa motsitsa.

"Onse asanu ndi anayi? Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafuna duwalo?"

Ndikanatha kunama. Bodza lake linali laling'ono, longogwedeza mutu, ndipo ndakhala ndikulilakalaka zaka zonsezi. Koma tsiku limenelo ndinkafuna kuti wina amve kuwawa ngati ine. Ndinapukusa mutu.

Alamu anati chabwino. Anawerama nkusenza mtondo wanga, umene unali katundu wolemera kuposa yense, ndipo anaunyamula mpaka kumsewu waukulu osapumira. Atautula anabwerera osatsanzika.