Thiraki ya Atate pa Laputopu Yanga

Atate anayendetsa mathiraki kuyambira ndisanabadwe, kunyamula thonje ndi chimanga kuchoka kuno ku Chipata kupita ku Lusaka. Sitiroko itawagwira, dzanja lamanja linafooka ndipo mawu ankatuluka molemera. Atabwerako kuchipatala ankangokhala pampando m'nyumba yathu ku Kapata, maso ali pakhomo. Adokotala anati zala zizigwira ntchito tsiku ndi tsiku ndipo azipita kuchipatala Lolemba lililonse, koma atate sankafuna n'komwe kumva zimenezo.

Nzeru ya gemu inali yanga. Mnzanga wa kuntchito, wokonda za makompyuta, anandiikira gemu yoyendetsa thiraki pa laputopu yanga. Loweruka lina masana, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndinawaikira pilo pamiyendo, laputopu pamwamba pake. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa.

"Batani ili ndi lopita kutsogolo, atate. Awa ndi okhotera."

Anayang'ana sikirini nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja lodwalalo, nalikhazika pamabatani. Amayi anasiya kusankha nyemba.

Thiraki inanyamuka modukizadukiza, chithunzi chikuima, kulumpha, kuimanso. Pakona yoyamba atate anadina batani panthawi yake, ndinaona ndi maso anga, koma thiraki inapitirira ngati sinamve, n'kudzakhota ili kale m'ngalande. Anayesanso. Ulendo uno inakagunda mtengo. Kachitatu anachotsa dzanja pamabatani.

"Chotsa," anatero. "Dzanjali lafa. Ndikulituma, likumva mochedwa."

"Si dzanja, atate, ndi makinawa."

"Usandinyengerere ngati kamwana. Lolemba kuchipatala sindipitanso. Kukatani?"

Amayi anandiyang'ana diso limene ndimalidziwa, n'kulowa kukhitchini. Ndinatenga laputopu ija, ikuotcha pansi ngati simbi, n'kupita nayo kuchipinda. Nditayesa ndekha, nanenso ndinagwera m'ngalande yomweyo. Koma ndinadziwa kuti kungowauza sikukanathandiza. Ankafunika kumva okha thiraki ikuwamvera.

Ndinaimbira mnzanga uja. Anali pa minibasi, phokoso lokhalokha.

"Laputopu yakoyo ilibe khadi lakelake la zithunzi," anatero. "Kachipangizo kamodzi komweko kamawerengera, komweko kamajambula, ndipo ntchito ziwirizo zimagawana memore imodzi. Uli pachaja?"

"Magetsi kulibe."

"Ndiye vuto loyamba limenelo. Pabatire imadziletsa mphamvu. Lowa m'masetin'gi a mphamvu, usankhe yonse. Tseka china chilichonse chotsegula. M'gemumo tsitsa zithunzi mpaka pansi, mithunzi uchotse..."

Foni inaduka. Nditaimbanso sinalowe.

Ndinachita zimene ndinamva. Ndinapeza masamba a intaneti ambirimbiri amene ndinawasiya otsegula kuntchito, ndi pulogalamu ina imene inkafufuza mavairasi mwakachetechete. Ndinatseka zonse. Ndinachotsa mithunzi, udzu, kunyezimira kwa magalasi. Thiraki inayenda bwino pang'ono, mtima wanga n'kuyamba kutsika, koma posakhalitsa fani yoziziritsa m'kati mwa laputopu inayamba kulira ngati chigayo ndipo kudukiza kuja kunabwerera. Batire inali itafika pofiira.

Kuchipinda chochezera ndinamva amayi akuuza atate kuti, "Mudyeko pang'ono."

Nditaitembenuza laputopuyo ndinaona kuti timabowo totulutsira mpweya tatsekeka ndi fumbi. M'pamene ndinakumbukira pilo uja. Ndinaizimitsa, n'kupukuta timabowoto ndi mswachi wakale, ndikuuzira ndi pakamwa mpaka fumbi linandilowa m'maso. Ndinakatenga zivindikiro zamabotolo n'kuikhazika pamwamba pake patebulo kuti mpweya uzidutsa pansi. Nditaiyatsanso, inangoonetsa chizindikiro cha batire n'kuzima.

Ndinakhala pabedi manja ali m'khosi. Ndinkaganiza za Lolemba, ndi momwe atate amakhalira akanena chinthu. Sabweza mawu. Ndinaganizanso zothamangira kumsika kumene amachajitsa ndi sola, koma ndinaopa kudutsa pamaso pawo nditanyamula chinthu chimene chawachititsa manyazi.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Ndinalumikiza chaja, n'kutsitsanso kukula kwa chithunzi. Mitengo inaoneka ngati yodula papepala, nyumba ngati makatoni. Koma nditadina batani, thiraki inakhota nthawi yomweyo. Ndinayendetsa kwa kanthawi, ndikugwiragwira pansi pake, kudikira kuti itenthe. Sinadukize.

Ndinanyamula katebulo konse n'kukakaika patsogolo pawo.

"Ndati chotsa."

"Ingoonani ine ndikuyendetsa, atate. Musagwire."

Ndinadutsa kona ija bwinobwino. Pakona yachiwiri ndinalowa mothamanga, ngolo yakumbuyo n'kukwera m'mbali mwa msewu.

"Ukuyiwala kuti ukukoka katundu," anatero motsitsa mawu. "Umayamba watsegula, kutalikirana ndi kona, kenako n'kukhota. Suntha."

Dzanja lawo linatenga nthawi kuti lifike pamabatani. Thiraki inanyamuka pang'onopang'ono, monga ankanyamukira pakhomo pano ndili mwana. Kona yoyamba anaidutsa. Yachiwiri anaitsegula bwino, anadutsanso. Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, mbale ili m'manja.

Pamtsetse wina chala chinachedwa kuchoka pabatani, thiraki n'kukanda chitsulo cha m'mbali mwa msewu, n'kuima. Ndinkayembekezera kuti atseka laputopuyo.

Anayang'ana dzanja lawo, natambasula zala chimodzichimodzi.

"Apa pokha ndi ine," anatero. "Kachala aka n'kaulesi. Bwezera poyambira, ndipo usandiimirire kumbuyo."

Ndinabwezera, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Amayi anabwera kudzakhala pambali panga, tonse tikumvetsera kulira kwa injini m'nyumbamo. Patapita kanthawi tinamva kugunda kwina, kenako mawu a atate akundiitana kuti ndiwasonyeze batani la rivesi.