Makina Awiri a ku Joni

Kukangozizira, ndimakumbuka fungo la mabatire otenthedwa ndi dzuwa. Tinkawayanika pamwala wa kuseri kwa nyumba, pambali pa mphale, pokhulupirira kuti dzuwa limawabwezera mphamvu. Pofika masana ankanunkha chitsulo, ndipo fungolo linkasakanikirana ndi utsi wa mapesi ndi fumbi la mbatatesi zokumbidwa kumene. Inali nyengo yachisanu kwathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, patangopita zaka zochepa chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri. Ine ndinali ndisanamalize sukulu ya pulayimale.

Abambo anga, a Gervazio, ankatsogolera kwaya ya patchalitchi chathu chaching'ono. M'dzinja la chaka chimenecho anadwala malungo aakulu, nagonekedwa m'chipatala. Anachira, koma makutu awo sanabwerere mwakale. Ankati m'mutu mwawo mukulira nyenje. Kunyumba palibe amene ankatchula za vutoli. Amayi anangoyamba kuwalankhula atawayang'ana kumaso. Koma kukwaya anthu ankanong'onezana kuti mtsogoleri akusokoneza nyimbo, ndi kuti chikondwerero cha tchalitchi cha mu Ogasiti chisanafike pafunika wina. Abambo anali mkamwini m'mudzi wa amayi. Munda unali wa amayi, ndipo mwini mbumba anali atsibweni. Chinthu chimene chinali chawochawo chinali kwayayo.

Atsibweni a Faustino, mlongo wawo wa amayi, anafika kuchokera ku Joni mwezi wa Juni uli pakati, atavala jekete lachikopa lonunkhira sopo wachilendo. M'chikwama chawo munali makina awiri omvetserera nyimbo, onse otha kulowa m'thumba la jeketelo. Oyamba anali ozungulira, opyapyala, onyezimira ngati chivundikiro cha poto watsopano. Ukakhudza kabatani, ankayasama okha mwaulemu. Ankaliza tizimbale tasiliva, timene anzanga ankati masidi, ngakhale kuti ine ndimaona kuti mawu akuti chimbale saperewera paliponse. Achiwiri anali a kaseti, akuda, olemera ngati theka la njerwa, obenthuka pakona. Chitseko chake chinkamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo chinali ndi kazenera koonetsa timagudumu tiwiri tikuzungulira.

"Alamu, pobwerera ndikusiyirani amodzi," anatero atsibweni, akuyandikira khutu la abambo. "Yesani onse, musankhe nokha. Koma musandichititse manyazi. Si paja ndinu munthu wa nyimbo?"

Kuyambira tsiku limenelo khonde lathu linasanduka bwalo la milandu. M'mawa uliwonse, nkhungu ikamachoka m'phiri, tinkakhala pamphasa kuothera dzuwa, n'kumalandirana mahedifoni. Makina onyezimira ankayamba ndi bata lenileni, kenako mawu ankagwera pakati pa mutu, oyera mbee, moti unkamva ngakhale kupuma kwa woimba. A kaseti ankayamba ndi kaphokoso konga mvula yowaza padenga la udzu, ndipo kaphokosoko sikankachoka mpaka nyimbo kutha. Mabatire akamafooka, woimba wa m'kaseti ankayamba kukoka mawu ngati munthu wochokera kumowa. Onyezimira aja sankadzichepetsa chotero: ankangoti zii, nyimbo ili pakati, ndipo mabatire ankawatha msanga.

Panjira ya kudimba zinthu zinkatembenuka. Njirayo ndi ya miyala ndi mizu, ndipo makina onyezimira ankalumpha mawu paliponse pamene phazi lagunda. Kuti aimbe bwino, unkayenera kuwanyamula m'manja awiri ngati mbale yodzaza madzi. Akuda aja ankaimbabe m'thumba la kabudula ngakhale ukuthamangitsa mbuzi. Komanso tizimbale tinalipo tochepa, tonse ta nyimbo za ku Joni zimene sitinkamva tanthauzo lake, pamene makaseti anali mbwee pamsika wa ku boma. Zonsezi ndinkaziona, koma mtima wanga unali utapita kale. Atsibweni anali atanena kuti mtengo wa makina onyezimirawo ukanagula njinga, ndipo ine ndinkadziona kale ndikulowa nawo pabwalo la sukulu.

Tsiku lina atsibweni anawaveka abambo mahedifoni a makina onyezimira. Abambo anatsinzina, nagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Akuimba bwino anthu amenewa," anatero. Koma chala cha atsibweni chinali chisanadine batani, ndipo chimbale chinali chisanayambe kuzungulira. Ine ndinatsala pang'ono kuseka. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, nauza atsibweni kuti tiyi wawo akuzizira. Atsibweni anadina batanilo mwakachetechete, natenga kapu yawo.

Abambo atavula mahedifoniwo, anatola makina akuda, nawatembenuza uku ndi uku. "Nanga kofiiraka n'kachiyani, alamu?"

"N'kojambulira mawu. Mukadina, ngakhale mutukwane, akusungirani."

"Ndiye inu muzikhala patali nako," anayankha abambo, "mungatiwonongere kaseti."

Loweruka lotsatira, popita kokonzekera nyimbo, anandipatsa makinawo m'kathumba kansalu. Anandiuza kuti ndiwaike pabenchi yakutsogolo, ndidine kofiira kaja, ndisalankhule kanthu. Titabwerera kunyumba, anakakhala kuseri kwa nkhokwe, kumene mphepo sinkafika. Anapotokola kagudumu kokwezera mawu mpaka kumapeto, nakanikiza hedifoni kukhutu lakumanzere ndi chikhatho chonse. Mawu anali okwera kwambiri moti ndinkawamva ndili pamene ndinkatong'ola chimanga. Ndinamva kwaya yonse, ndipo pamwamba pake ndinamva mawu a abambo akulowa anzawo asanalowe, otsika pang'ono, azimayi a m'kwaya akuwatsatira mokayikira. Anabweza kasetiyo ndi cholembera pofuna kusunga mabatire, namvetseranso kambirimbiri, mpaka dzuwa linapendeka.

Kenako anandikodola. "Bene, mawu akutsogolawa ndi anga?"

"Ndi anu, bambo."

"Kuyambira liti?"

Ndinayang'ana pansi, koma anandigwira chibwano kuti aone milomo yanga. "Chibwerereni kuchipatala," ndinatero.

Sanakwiye. Anakulunga chingwe cha mahedifoni mosamala, monga ankachitira ndi kolona yawo, nandiuza kuti ndikamalize chimanga.

Pa Loweruka linalo anaimirira kutsogolo kwa kwaya monga mwa masiku onse, koma sanakweze dzanja. Anaitana a Lukasi, mphunzitsi wachinyamata wa mawu okoma, nawauza pamaso pa onse kuti kuyambira tsikulo atsogolere ndi iwo. Abambo anakakhala pabenchi yakumbuyo. Mayi wina anayamba kupukuta maso ndi mpango, ndipo nyimbo yoyamba inachedwa kuyamba.

Tsiku lobwerera atsibweni litafika, makina onse awiri anaikidwa pamphasa. Abambo sanachedwe, anatambasula dzanja natenga akuda aja.

"Alamu, ndinu mkamwini wotani?" anafunsa atsibweni. "Akukupatsani ng'ombe, inu mukuthamangira nkhuku?"

"Nkhukuyi ndi imene ndingathe kuweta," anatero abambo.

Atsibweni anaseka, koma anawagwira dzanja nthawi yaitali, ndipo anawasiyira mabatire onse amene anatsala. Ine ndinaperekeza alendo mpaka kumsewu waukulu nditatupa masaya. Minibasi itanyamuka, ndinaona ngati yanyamula ulemu wanga wonse.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinkakhala kutsogolo m'tchalitchi, makina akuda ali pamiyendo. Tikadya masana, abambo ankapita kuseri kwa nkhokwe kukamva nyimbo za m'mawa uja, chikhatho china pakhutu, china chikumenya bondo. Nthawi zina ankandituma kwa a Lukasi. "Ukawauze kuti azibambo akuthamanga pa ndime yachiwiri." A Lukasi ankalandira uthengawo atavula chipewa. Chikondwerero cha mu Ogasiti chinatsogoleredwa ndi iwo, ndipo abambo anachimva masana ake, ali okha, akumwetulira.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti abambo anakana makina odula chifukwa cha manyazi a ukamwini, poopa kuti achibale a amayi anganene kuti ndi adyera. Ndinkawamvera chisoni, komanso ndinkawaimba mlandu pang'ono. Lero ndikuona kuti munthu wamanyazi sakanagwira chibwano cha mwana wake n'kumufunsa funso lija. Makina onyezimira ankaimbadi bwino kuposa anzake, pamenepo sindinalakwitse. Koma ankaimba nyimbo za alendo okhaokha. Abambo ankafuna kumva anthu awo, ndi kutsokomola kwawo, ndi makanda olira kumbuyo, ngakhale kuti mawu a iwo eni munalibenso m'kasetimo.