Tsiku Limene Ndinayankha Ndekha

Msana unandiyamba mwana wanga ali ndi miyezi inayi. Poyamba munkangotentha m'chiuno, kenako moto uja unatsikira m'miyendo, mapazi n'kuyamba dzanzi. Kwathu ndi kumapiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, ndipo madzi timatunga kumunsi kudambo. Ndinasiya kubereka mwana pokwera chitunda, kuopa kugwa naye.

Kuchipatala ndinkapita ndi amuna anga. Ine manyazi ndi achibadwa, sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndiye adokotala akafunsa ndinkayang'ana pansi, iwo n'kuyankha kuti, "Ndi msana, adokotala. Ntchito ya fodya yawapweteka." Sankanama, ankanena zimene ankaona. Tinkabwerako ndi panado kapena bulufeni. Kwina anati nyamakazi, kwina anati ndi uchembere, zitha zokha.

Chimene amuna anga sankadziwa n'chakuti mkodzo unkandipulumuka osamva, ndipo pakati pa miyendo panali ngati si pathupi langa. Ndinkapinda chitenje chakutha, n'kumakachapa kumtsinje kopanda anthu. Zotere ndikanazinena bwanji iwo ali chilili pambali?

Mwana atayamba kuyenda, tsiku lina anathamangira kunjira, ngolo ikutsetsereka ndi chimanga. Ndinadzuka kuti ndimugwire, miyendo n'kukana, ndinagwa chafufumimba. Anamutola ndi mayi wina woyandikana nafe. Ndili pansi pomwepo ndinadziwa kuti ndikapitiriza kukhala chete, mwanayu adzamulera ndi ena.

Sabata yomweyo tinapita kuchipatala cha paboma. Adokotala anali bambo wachikulire, wa magalasi. Atafunsa vuto, amuna anga anayamba monga mwa masiku onse. Ndinawagwira malaya.

"Bambo ake, tatulukani pang'ono."

"Ndituluke? Nanga ayankhe ndani?"

"Ndiyankha ndine."

Adokotala anaseka. "Achimwene, msanawu ndi wanu kodi? Kadikireni pabenchi."

Ndinanena zonse, maso ali pasimenti. Adokotala anaika cholembera pansi. Anatenga kasingano n'kumandibaya pang'onopang'ono kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba, akufunsa pamene ndikumva. Kenako anati, "Mayi, iyi si nyamakazi. Ndi mitsempha ya mumsana. Ine pano sindingathe, koma odziwa alipo." Anandilembera kalata ya ku Lilongwe.

Kumeneko anandilowetsa m'makina aphokoso ojambula msana. Dokotala wamkazi anandionetsa chithunzi: mitsempha ya kumunsi inatupa n'kumatirirana. Anati matendawa sapezekapezeka, ndipo satheratu, koma akhoza kuwachepetsa mphamvu. Anandipatsa mankhwala a mitsempha, anandiphunzitsa mafizo komanso kutulutsa mkodzo ndi kachubu pa nthawi yake. Amuna anga ndinawauza zonse tikubwerera, minibasi itaima pa Chezi. Anati madzi azitunga ndi iwo, anthu aseke.

Msana ukupwetekabe, makamaka m'nyengo yozizira, ndipo ndimayenda ndi ndodo. Koma miyendo sinapitirire kufa. Mwana ndimamuperekeza ndekha kumkombaphala.

Ulendo wathawu ndinapeza adokotala a magalasi aja ali ndi ophunzira ovala zoyera. Anandipempha ngati ndingalole kuti amve za matenda anga. Mmodzi anatambasula dzanja kuti atenge buku langa la kuchipatala.

"Lisiyeni," ndinatero. "Mulibe zonse m'menemo. Khalani pansi ndikuuzeni."

Anakoka mipando, n'kutulutsa zolembera.