Azakhali ndi Majumbo a Masamba Odwala

Azakhali anga anayamba kugulitsa ndiwo zamasamba pamsika ine ndisanabadwe. Benchi yawo inali pafupi ndi mpopi, ndipo ankanyadira kuti matimati awo alibe ndi kabanga komwe.

Mwana wawo wamkazi atalembedwa ntchito kumalo ofufuza matenda a mbewu, azakhali anauza msika wonse kuti anabereka dokotala wa masamba. Kamwa yawo yomweyo ndiyo inawaputira mavuto.

Alimi obweretsa katundu anayamba kufika ndi timajumbo. Uyu matimati akuda kumatako, uyo kabichi wonunkha, winayo masamba opiringizika a mawanga achikasu.

"Mayi, mukampatse mwana wanu aone."

"Kodi ndine chipatala ine? Chotsani zowolazi pabenchi panga!"

Ankavomera, koma azakhali akangotembenuka kukatunga madzi, majumbo ankapezeka pansi pa benchi. Ntchentche zinasamukira pomwepo. Kasitomala wina wakalekale anatsegula jumbo poyesa ndi zogulitsa, nachoka atagwira mphuno, osabweranso.

Kutaya zinthu za eni ake azakhali ankachita manyazi, choncho ankanyamula n'kupita nazo kunyumba. Mwanayo amati akasuzumira m'jumbo, maso ankawala.

"Amayi, taonani kukongola kwake! Nthenda iyi takhala tikuifunafuna."

Zowolazo ankaziika m'firiji, pambali pa mkaka.

"Ndiye mankhwala ake ndi ati, ndikawauze andisiye?"

"Sitinadziwe. Tiyambe tadwalitsa dala mbande zina kuti tione mmene imayendera."

Azakhali anakhala pansi. "Mwana iwe, ndinakutumiza kusukulu kuti uzikadwalitsa matimati?"

Yankho linabwera nyengo ya dzinja itadutsa. Nthenda yofotetsa matimati inali m'dothi. Matimati ogwidwa azulidwe n'kutenthedwa, makasu azitsukidwa, ndipo pamalopo pabzalidwe kaye mbewu ina. Azakhali atafikitsa uthengawo, alimi anakangana nawo ngati nthendayo anaibweretsa ndi iwo.

"Ndiye opopera palibe? Kuphunzira konseko n'kutiuza za kutsuka khasu?"

"Kamufunseni mwiniwake! Ine ndimagulitsa, sindilima!"

Ochepa amene anamvera anakolola bwino, n'kukauza anzawo, ndipo majumbo anachuluka kuposa kale. Azakhali anapempha woyang'anira msika kuti awasamutsire kumapeto, kuseri kwa ogulitsa nkhuku. Sabata isanathe, mlimi wina anatulukira komweko ali thukuta kamukamu, atanyamula tsinde lonse la biringanya ndi dothi lake lomwe.

"Mayi, ndakufunani msika wonse! Bwanji osatiuza kuti mwasamuka?"