Zikhatho Zanga ndi Fodya Wawo

Chaka chimene anandipeza ndi khansa ya m'mawere, kuchipatala anandipatsa mapiritsi oti ndizikamwera kwathu ku Chulu. Namwino anati Lolemba lililonse azitumiza mafunso pafoni: kodi mukusanza, kodi m'kamwa muli zilonda, kodi zikhatho zikusupuka. Foni yamakono pakhomo pathu inali imodzi, ya amuna anga, choncho ankayankha ndi iwo.

Mwezi wachiwiri zikhatho zinafiira, kenako n'kuyamba kusendeka ngati mbatata yophika. Inali nyengo yothyola fodya. Ndinkasoka masamba m'chigafa magazi akutsalira pa ulusi. Ndikadandaula, amuna anga ankati, "Ndawauza kale, mayi. Akuti ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito. Pirirani."

Ndinapirira milungu isanu, chitsiru ine.

Tsiku lina amuna anga anaiwala foni patebulo popita kokagula ziguduli zomangira mabelo. Ndinaitsegula ndi kachala kakang'ono, kokhako kamene kanatsala ndi khungu. Lolemba lililonse yankho linali limodzimodzi: palibe vuto. Ankaopa kuti ndikaitanidwa kuchipatala, fodya apserera m'munda wopanda womusoka.

Ndinajambula chikhatho chakumanzere n'kutumiza. Posakhalitsa namwino anaimba. "Amayi, siyani mapiritsiwo lero, mawa mubwere. Bwanji simunanene msanga?" Mawa lake ndinapita. Adokotala anaimitsa mankhwala onse mpaka mabala atapola, ndipo sanandibisire kuti chotupa sichidikira munthu.

Nditabwerako sindinakangane ndi amuna anga. Ndinkawaphikira, kuwatenthetsera madzi osamba, kuwayankha mwaulemu, mtima ukuwira. Ndinadikira mpaka fodya yense atauma, atasankhidwa, atadindidwa m'mabelo. Pamenepo ndinaitana malume ndi alongo anga. Malume analanda amuna anga foni n'kuwerenga mayankho aja mokweza, limodzi limodzi, ine nditatambasula manja pamaso pa onse.

Amuna angawo anali mkamwini. Munda, chigafa ndi nyumba zinali pamalo a malemu mayi anga. Malume atandifunsa chimene ndinkafuna, ndinati, "Azipita kwawo lero. Mabelo atsale."

Bambowo anagwada. Amayi a mvano anabwera kudzandipempha kuti ndikhululuke, ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa basi. Bambowo anachoka ndi chikwama pa njinga, ndipo ndinaima pakhonde kuwayang'ana mpaka atabisika, ndikusangalala. Sindibisa.

Ena amati ndine wouma mtima. Chotupa chija chinabweranso chaka chatha, tsopano chili m'mapapo. Amene akufuna kuwakhululukira awakhululukire ndi chifuwa chake.